Kamera yam'thumba kapena ya full-frame: ndisankhe iti pojambula maukwati ku Kasungu?

Wowerenga wina wa ku Kasungu watilembera motere: "Ndakhala ndikujambula ndi foni ku tchalitchi kwathu ndipo anthu ayamba kundipempha kuti ndiziwajambula pa zinkhoswe ndi maukwati, andilipire. Akulu anga ali ku Johannesburg ndipo apeza makamera awiri a mtengo wosasiyana kwenikweni: Sony RX100 VII, kakang'ono kolowa m'thumba, ndi Sony a7 III yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi lenzi ya 28-70mm. Yoyamba ili ndi mamegapikiseli 20, inayo 24. Kodi kusiyana kwa 4 kokhako n'koyenera kunyamulira chikamera cholemera? Ndimafunanso nthawi zina kukajambula njovu ku paki."

Achimwene, ngati anthu azikulipirani, tengani a7 III, koma pokhapokha ngati mutsale ndi ndalama yogulira lenzi ina, fulashi ndi batire lachiwiri. Mukaitenga ndi lenzi ya 28-70mm yokhayo (nambala ya mm ikakula, lenzi imakoka zinthu zakutali) n'kuthera pomwepo, mudzanyamula kulemera kwake koma ubwino wake wambiri simudzauona. Za mamegapikiselizo (mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi) ziiwaleni. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chimene ambiri amatsukitsa chimangofuna mamegapikiseli awiri ndi pang'ono, cha A4 chimafuna 9, cha A3 chopachika pabalaza chimafuna 17 kapena kuchepera apo poti anthu amachionera patali. Makamera onse awiriwa akukwanitsa zimenezi.

Kusiyana kuli pa kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala kumbuyo kwa lenzi. Sensa ya full-frame, ngati ya mu a7 III, ndi yamamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, mofanana ndi filimu yakale ija ya 35mm. Ya RX100, imene amaitcha ya inchi imodzi ngakhale siifika inchi, ndi yamamilimita 13.2 ndi 8.8. Kuti muone ndi maso, ikani memori khadi ya SD pafupi ndi kasimu khadi kakang'onong'ono ka m'mafoni a masiku ano: SD ndi ya 32 ndi 24, kasimuko ndi ka 12.3 ndi 8.8. Malo a sensa yaikuluyo amaposa a yaing'ono kuwirikiza ka 7 ndi pang'ono. Lenzi zikatsegulidwa pa nambala ya f yofanana (nambalayi ikachepa, bowo lolowera kuwala limakula), shutter (kachitseko kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa sensa) n'kukhalanso pa liwiro limodzi, sensa yaikulu imatola kuwala kochuluka ka 7. Panja masana zimenezi sizioneka, chifukwa dzuwa la kuno limakwanira aliyense. Zimaonekera m'tchalitchi ndi m'holo.

Tiyerekeze tchalitchi cha mazenera ochepa, kunja kuli mitambo. Kuti akwati akuyenda asatuluke mwachimbuuzi, mukufuna shutter ya 1/125 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo. Tinene kuti pa f/2.8 kuwala kwa mmenemo kukufuna ISO 3200 (ISO ndi nambala imene mumakweza kuti chithunzi chiwale pamalo a mdima). Lenzi ya RX100 VII imayamba pa f/2.8 ikakhala pa 24mm, koma mukangozumako pang'ono yafika kale pa f/4, ndiye ISO ikwera kufika 6400. Pa sensa yaing'ono chonchija, ISO 6400 imabweretsa timadontho tambiri pa suti yakuda ndi pankhope, ndipo kamera poyesa kutifufuta imafafaniza tsitsi, nsidze ndi maluwa a pa velo. Lenzi ya 28-70mm ya pa a7 III ikafika pa 70mm imatseguka mpaka f/5.6 basi, choncho ISO ikhala 12800. Chithunzi chake chidzaposa cha RX100, inde, koma sichidzakhala choyera ngati mmene mukuyembekezera. Tsopano ikani lenzi ya 50mm f/1.8 pa a7 III yomweyo: ISO itsika kufika cha m'ma 1250, ndipo pamenepo chithunzi chimatuluka chosalala moti mukhoza kuchikulitsa mpaka A3 osachita manyazi. Kamera ndi yomweyo, tchalitchi ndi chomwecho, chasintha ndi lenzi. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti ndalama isathere pa kamera yokha.

Musanamizidwe ndi zoti a7 III ili ndi chipangizo choletsa kugwedera. Chilipodi, ndipo chimathandiza manja anu akamanjenjemera, koma sichiimitsa munthu amene akuvina. Pa perekaniperekani, pomwe anthu akubwera movina akuponya ndalama, ikani 1/250 kapena kuposa apo, apo ayi manja ndi nkhope zidzatuluka mwachimbuuzi.

Fulashi ndiyo nkhani imene ambiri saiganizira pogula, pomwe ndiyo imagamula mlanduwu. RX100 VII ilibe pomangirira fulashi pamwamba pake. Ili ndi kafulashi kake kotumphuka kamene kamafika mamita ochepa okha, ndipo kamawomba anthu kumaso mwachindunji: zipumi zimanyezimira, kumbuyo kumada bii. Pa a7 III mukhoza kumanga fulashi yeniyeni, monga Godox TT685 ya makamera a Sony, yoyendera mabatire anayi a AA. Poyambira pabwino m'holo ndi apa: kamera pa M (pomwe mumasankha zonse nokha), shutter 1/125, f/4, ISO 1600, fulashi pa TTL (pomwe imadziyezera yokha mphamvu ya kuwala). ISO yokwererako imalola kuti magetsi a m'holo ndi zokongoletsa za kumbuyo zionekebe, fulashi n'kungowalitsa nkhope. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muloze fulashi kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa. Izi zimatheka pomwe pali siling'i yoyera yosatalika kwambiri. M'matchalitchi ndi m'maholo athu ambiri muli malata okhaokha pamwamba pa mitanda, ndipo kuwala kukapita kumeneko kumatayika, kapena kumabwerera ndi mtundu wa dzimbiri ndi wa matabwa. Zikatero pendeketsani mutu wa fulashi pang'ono chabe, mumangirire pepala lolimba loyera kumbuyo kwake ndi labala, lalikulu ngati chikhatho kapena kuposerapo, kuti ndilo lizikankhira kuwala kutsogolo. Shutter isapitirire 1/250 mukamagwiritsa fulashi mwa nthawi zonse, chifukwa kupitirira apo mbali ina ya chithunzi imada.

Pali vuto lina la magetsi. Athu kuno amayenda pa 50 Hz, ndipo mababu ambiri a LED ndi machubu amaphethira mwachangu moti diso siliona, koma kamera imaona. Mukaika a7 III pa kujambula kosatulutsa phokoso, komwe ambiri amakukonda m'tchalitchi kuti asasokoneze mapemphero, zithunzi zikhoza kutuluka ndi mizere yakuda yopingasa. Mukaona zimenezi bwererani ku shutter ya phokoso, kapena ikani liwiro pa 1/100 kapena 1/50. Pa vidiyo, kamera ikhale pa PAL, mafelemu 25 pa sekondi, shutter 1/50. Yang'anani zimenezi ikangofika, chifukwa mwini wake woyamba akhoza kuti anaisiya pa NTSC, yomwe ndi ya magetsi a 60 Hz.

Panja napo pali ntchito yake. Diresi loyera la mkwatibwi, suti yakuda ya mkwati ndi khungu lathu lakuda, zonse pa dzuwa la 12 koloko mu Okutobala, ndi mayeso ovuta kwa kamera iliyonse. Mukawalitsa kuti nkhope zioneke, diresi limapserera n'kungokhala chigamba choyera chopanda ulusi. Mukateteza diresi, nkhope zimada. Sensa yaikulu imakupatsani mpata waukulu pamenepa: jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene sensa yalandira), yatsani zebra (mizere yosonyeza pomwe pawala mopitirira) pa 100+, chepetsani kuwala mpaka mizere ya zebra ichoke pa diresi, kenako mukakweze mithunzi pa kompyuta. Fayilo ya a7 III imapirira kukwezedwa kotereku kuposa ya RX100, yomwe imayamba kuonetsa timadontho msanga. Koma njira yabwino koposa ndiyo kuwachotsa akwati padzuwa. Aimikeni pamthunzi wa khoma kapena pakhonde, nkhope zitayang'ana kowala. Pansi pa mtengo wa mango samalani: kuwala kodutsa m'masamba kumaika mawanga pankhope ndipo kumapatsa khungu mtundu wobiriwira.

Sindikufuna muganize kuti kakamera kam'thumbako n'kachabe. RX100 VII, yomwe inatuluka mu 2019, ndi yamakono kuposa a7 III ya 2018 pa nkhani yotsatira munthu akuyenda, ndipo imajambula zithunzi 20 pa sekondi pomwe a7 III imajambula 10. Imalemera magalamu 302, pomwe a7 III yokha yopanda lenzi ndi magalamu 650. Lenzi yake imachoka pa 24mm kufika pa 200mm osasintha kalikonse. Ilinso ndi ubwino wina umene oyamba kumene sauzindikira. Chifukwa sensa ndi yaing'ono, zinthu zapafupi ndi zapatali zimaoneka bwino pamodzi, f/2.8 yake imafanana ndi pafupifupi f/8 ya full-frame pa nkhani imeneyi. Pa chithunzi cha gulu, ankhoswe ndi achibale ataima mizere itatu, RX100 siikulakwitsani. Pa a7 III ndi 50mm, mukasiya pa f/1.8 mmene munali m'tchalitchi, mzere wakutsogolo udzaoneka bwino koma agogo a kumbuyo adzatuluka mwachimbuuzi, ndipo pa kagalasi ka kamera simudzaona mpaka mutafika kunyumba. Gulu limafuna f/5.6 kapena f/8, ndipo fokasi muiike pa mzere wachiwiri. Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi yakuti chithunzi chimene akwati amachikonda kwambiri, chija nkhope zawo zimaoneka bwino kumbuyo kutasungunuka, chimatuluka mosavuta pa full-frame ndi 50mm kapena 85mm f/1.8, pomwe RX100 imachiyandikira pokhapokha mutazuma mpaka kumapeto ndi kuimika anthu kutali ndi khoma.

Chenjezo limodzi kwa ena owerenga: makamera am'thumba otchipa, a sensa ya 1/2.3, ndi nkhani ina. Sensa yawo ndi yamamilimita 6 ndi 4.5 basi, yocheperako ka 30 poyerekeza ndi full-frame. Foni yabwino ya masiku ano imawaposa m'nyumba. Chimene ali nacho choposa foni ndi zumu yokha.

Tsopano zinthu zimene zimawononga ntchito ya munthu wolipidwa. Ukwati subwerezedwa. Memori khadi ikafa muli ndi zithunzi za tsiku lonse, palibe chimene mungawauze eni ukwati. a7 III ili ndi malo a makhadi awiri ndipo ikhoza kulemba chithunzi chilichonse pa onse awiri nthawi imodzi, koma izi sizibwera zoyatsidwa kale. Lowani mu menyu pa Rec. Media Settings musankhe kulemba pamodzi. RX100 ili ndi malo a khadi imodzi. Fayilo ya RAW yopanikizidwa ya a7 III imakhala cha m'ma 24 MB, ndiye khadi ya 64 GB imanyamula zithunzi zoposa 2,000, zokwanira ukwati umodzi. Gulani makhadi awiri kapena atatu m'sitolo yodalirika. Makhadi achinyengo alipo ambiri: pachikuto palembedwa 64 GB pomwe mkati ndi ochepa, ndipo akadzaza amayamba kuwononga mafayilo mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa kompyuta imayesa khadi yonse n'kukuuzani zoona. Khadi muziifomata mu kamera momwemo, mutakopera kale zithunzi malo awiri osiyana.

Mabatire nawo amasiyana kwambiri. Mwa muyeso wa CIPA umene makampani onse amagwiritsa ntchito, batire la a7 III, NP-FZ100, limajambula zithunzi 710 pogwiritsa kagalasi ka kumbuyo, pomwe kabatire ka RX100 VII, NP-BX1, kamajambula 260. Ukwati woyamba m'mawa kokonzera mkwatibwi mpaka madzulo ku holo umafuna mabatire awiri a a7 III, kapena anayi mpaka asanu a RX100. Makamera onse awiri amatchajika pa USB, choncho power bank ikupulumutsani magetsi akazima usiku woti mawa ndi ukwati. Batire lililonse limene layamba kufufuma litayeni, lingadzakanirire mkati. Ngati eni ukwati akufunanso vidiyo, dziwani kuti RX100 imatentha msanga pa 4K, ndipo mmene imabwerera kuchokera ku fakitale imadula pa mphindi 5. A7 III imadula pa mphindi 29 ndi masekondi ake, ndiye ulaliki wautali muziudula nokha pa malo oyenera.

Fumbi la ku Kasungu, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, limavutitsa makamera awiriwa mosiyana. Pa a7 III, mukachotsa lenzi sensa imakhala poyera, palibe chotchinga. Sinthani lenzi kamera itazimitsidwa, kukamwa kwake kutayang'ana pansi, muli m'nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo, osati pabwalo pomwe ana akuthamanga kapena galimoto zaukwati zikufika. Kuti mudziwe ngati fumbi lalowa, ikani f/16 mujambule khoma loyera kapena thambo; timawanga takuda tokhala malo amodzimodzi pa zithunzi zonse ndi fumbi la pa sensa. Lichotseni ndi kapampu ka labala kopemerera mpweya. Osapemerera ndi pakamwa chifukwa malovu amasiya zipsera, ndipo osalowetsamo nsalu, thonje la m'makutu kapena chala. Likakanika, pamafunika timitengo topukutira sensa ta full-frame ndi madzi ake. Awuzeni akulu anuwo aike paketi imodzi m'katundu. RX100 lenzi yake siichoka, ndiye ambiri amaganiza kuti fumbi silingaivute. Koma lenzi imene imatuluka ndi kubwerera nthawi iliyonse mukayatsa imakoka fumbi ndi timchenga m'mphepete mwake. Kamchenga kamodzi kakalowa m'magiya, lenzi imakanirira panjira, ndipo fumbi likafika pa sensa simungalichotse popanda kumasula kamera yonse. Kukonza zimenezi kumafuna mmisiri ndi zipangizo zimene mwina mungakazipeze ku Lilongwe kapena kunja. Musaiike m'thumba la buluku yopanda kachikwama kake, ndipo mukakwera kabaza pa msewu wafumbi, kamera iliyonse ikhale m'chikwama chotseka, chili pamsana panu, osati chomangidwa pa kaliyala pomwe chizigwedezeka.

Dzinja likafika mdani amakhala chinyezi. Lenzi yosungidwa m'chikwama mu kabati yamdima imamera chuku mkati, tiulusi toyera tofalikira pagalasi, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasilo. Sungani kamera ndi malenzi m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo muzitiumitsa nthawi ndi nthawi. Zida zimene zimatuluka kawirikawiri kukagwira ntchito sizimera chuku msanga.

Za njovu. Ku Kasungu National Park, komwe mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, RX100 VII ikuposani a7 III yokhala ndi 28-70mm kapena 50mm, chifukwa 200mm yake imakoka njovu ndi mvuu za pa damu la Lifupa mokwanira bwino kukakhala kowala. Pa 70mm njovu imangokhala kadontho pakati pa tchire, ndipo musayese kukonza zimenezo poyandikira. Mverani okuperekezani ndipo khalani m'galimoto pomwe akuuzani kutero. Kuti a7 III igwire ntchito ku paki pafunika lenzi ya 70-300mm, monga ya Tamron yolemera magalamu 545. Mbalame zimafuna 400mm kupita m'tsogolo, ndipo lenzi ya Sony ya 200-600mm imalemera makilogalamu awiri ndi pang'ono, mtengo wake ngati kamera ina. Koma kunena zoona, ku paki mudzapita mwa apo ndi apo, pomwe maukwati ndi Loweruka lililonse nyengo yake ikakwana. Gulani za ntchito imene izikupatsani ndalama, 70-300mm idzabwera pambuyo.

Ngati mwawerengera n'kuona kuti a7 III ikumaliza ndalama yonse, pali njira zapakati zimene ndingakulimbikitseni kuposa RX100. Sony a6400 ili ndi sensa ya APS-C, yomwe ndi yochepera theka la full-frame koma yoposa ya RX100 katatu, ili ndi pomangirira fulashi ndipo malenzi amasinthika, ngakhale ili ndi malo a khadi imodzi. Makamera akale a galasi mkati, monga Nikon D750 ya 2014, ndi a full-frame, ali ndi malo a makhadi awiri, batire limapitirira zithunzi 1,000, ndipo malenzi ake ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka motsika mtengo chifukwa ambiri akusamukira ku mirrorless, makamera opanda galasi limenelo ngati a7 III. Kamera yotere yokhala ndi 50mm f/1.8 ndi fulashi idzakujambulirani ukwati bwino kuposa a7 III yokhala ndi 28-70mm yokha.

Akulu anuwo asanapereke ndalama, achite izi ali pamaso pa wogulitsa. Ajambule chithunzi chimodzi n'kuchiika pa tsamba la pa intaneti lowerenga shutter count, kutanthauza chiwerengero cha zithunzi zimene shutter yake yajambula. Shutter ya a7 III inapangidwa kuti ifike cha m'ma 200,000, ndiye yomwe yadutsa 150,000 ayigule motsika kwambiri kapena ayisiye. Achotse lenzi aone sensa pa kuwala ngati ilibe zokanda. Aunike mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni kufufuza chuku ndi chifunga. Ayese malo onse awiri a makhadi, mabatani ndi timawilo tonse, komanso amange fulashi pamwamba aone ngati ikuwomba, chifukwa timawaya tating'ono ta pomangirira fulashi pa makamera a Sony timapindika mosavuta. Atenge lisiti lokhala ndi nambala ya kamerayo. Lidzafunika pachipata polowa m'dziko muno, komanso ndi umboni wanu kamera itabedwa. Pamndandanda wogula pakhale kamera, 28-70mm ya gulu ndi ya panja, 50mm f/1.8, fulashi ndi mabatire asanu ndi atatu a AA otchajika pamodzi ndi tchaja yake, NP-FZ100 yachiwiri, makhadi awiri a 64 GB, kapampu ka mpweya ndi chikwama chotseka bwino.

Katundu akafika, musayambire pa ukwati wa munthu. Pemphani chilolezo kwa abusa mujambule kwaya Lamlungu zingapo m'tchalitchi chomwecho, pa nthawi imene maukwati amachitika, mukaone zithunzizo pa kompyuta osati pa kagalasi ka kamera, mpaka mudziwe ISO imene kwa inu ndiyo malire. Potumizira makasitomala pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba chimapanikizidwa, ndipo akakachitsukitsa chachikulu chimatuluka chosweka ngakhale chinajambulidwa bwino.